Mphemvu Nazo Zimakhuta

Ku mafulati a Matapi ku Mbare, mu mzinda wa Harare, kuli agogo ena a kwathu, mwa aja anzathu a Chishona amawatcha Mabhurandaya chifukwa makolo awo anachokera cha ku Blantyre. Mdzukulu wawo amaphunzira sayansi, ndipo akabwera kutchuthi m'nyumba simukhala bata.

Tsiku lina anawafotokozera kuti mu 1986 a Ronald Nachman ndi anzawo ku Texas anasinja mitu ya mphemvu masauzande n'kupezamo timadzi totchedwa sulfakinin. Timadziti n'tapachibale ndi gastrin komanso CCK, mahomoni a m'mimba ndi m'matumbo mwa munthu.

"Masauzande?" anadabwa agogo. "Anakazigula kuti?"

"Amaweta, agogo."

"Kuweta mphemvu! Azungu ndalama zikuwayabwa. Akanabwera ndi thumba, kuseri kwa kabatiku ndikanawapatsa zaulere, n'kuwaikira ndi basera."

*

M'nyumba yomweyo muli alamu amene anachoka ku Dedza kudzaona odwala. Odwalawo anachira kalekale, alamu akadalipo.

Mnyamata uja ananena pa chakudya kuti asayansi atabaya dzombe ndi mphemvu jakisoni wa sulfakinin, tizilomboto tinayamba kudya pang'ono. Mayi ake anasiya kuomola nsima.

"Jakisoni ameneyo amagwira pa munthu?"

"Munthu ali naye kale wake, amayi. Mafuta ndi ndiwo zikafika m'matumbo, CCK amatuluka, n'kufinya ndulu, n'kutumiza uthenga ku ubongo kuti basi, wakhuta. Kungoti uthengawo umatenga kanthawi."

Mayi anayang'ana alamu, amene anali pa mtanda wachinayi.

"Wa alamu anuwa umadzera pa boda ya Nyamapanda. Ukadali pamzere, akudinditsa pasipoti."

Alamu anaseka nawo, dzanja lili m'mbale.

*

Nkhani yotsatirayi ndiyo inakondweretsa abambo a m'dera lonse. Mu 2012 ofufuza a ku San Francisco anaika tintchentche tatimuna, tija timaunjikana pa nthochi zoola, pamodzi ndi tatikazi tokana. Titakanidwa kwa masiku angapo, tinapatsidwa zakudya ziwiri, china chothira mowa. Tokanidwato tinakhamukira ku cha mowa kuposa tinzake tomwe tinaloledwa. Mu ubongo mwa tokanidwato munali mutachepa timadzi totchedwa NPF, m'bale wake wa NPY amene mwa munthu amadzutsa njala.

Bambo wina wokankha ngolo pa Mbare Musika anaimva nkhaniyi masana, usiku n'kufika nayo kunyumba akudzandira, fungo la Chibuku lili patsogolo.

"Amayi a ana, musandikalipire. Asayansi apeza. Si ine ayi, ndi NPF. Mwamuna akakanidwa, thupi limafuna mowa lokha."

Mkazi anawathandiza kuvula nsapato, n'kuwakhazika pampando mwaulemu wonse.

"Ndamva, bambo. Koma ine ndinakulolani kalekale, ana ndi awa agonawa. Tsono tandiuzani bwinobwino, wakukananiyo ndani?"

Mowa unawathera pomwepo.

*

Udzudzu waukazi ukakhuta magazi umatha masiku osafunanso munthu. Mu 2019 a Laura Duvall ndi a Leslie Vosshall a ku Rockefeller University ku New York anamwetsa udzudzu wa mtundu wa Aedes mankhwala amene anapangidwira anthu onenepa kuti asamamve njala. Udzudzuwo unasiya kulabadira fungo la munthu, kumangokhala ngati wadya kale.

Agogo anamvetsera mdzukulu wawo mpaka kumapeto, kenako anafunsa zomwe zinali kumtima kwawo. Paja mu 2025 nsikidzi zinavuta m'mafulati a ku Mbare mpaka khonsolo ya Harare inatumiza opopera mankhwala.

"Nanga nsikidzi, nazo zili ndi kouza kuti zakhuta?"

"Tizilombo tambiri tili nako, agogo."

"Ndiye vuto si limenelo, mwanawe. Imodzi ikakhuta imakagona mwaulemu ndithu. Koma imadzutsa inzake."

Alamu anafunsa ngati mankhwala a udzudzuwo amapezeka pa Musika, poti pamenepo palibe chosowa. Mayi anayankha msanga kuti akangowapeza, botolo loyamba sadzaliwonongera pa udzudzu.