Kulipira kuti uvutike

Anthu akakhuta sasowa chochita. Ku Tankavaara, kumpoto kwa dziko la Finland, alendo amalipira ndalama kuti apatsidwe beseni ndi malo oti aziviika manja m'madzi ozizira koopsa. Akufunamo chiyani? Golide. Si njala ayi, ali pa tchuthi.

Nzeru yake ndi yosavuta. Golide amalemera maulendo 19 kuposa madzi, pomwe mchenga sufika n'katatu komwe. Ukamazunguliza beseni ngati mayi amene akupeta mpunga, mchenga umapita ndi madzi, golide n'kutsalira pansi. Koma kagolide kake! Amakatola ndi nsonga ya chala n'kukaponya m'kabotolo, ndipo ukangoyetsemula chuma chonse chapita.

Ulipo mpaka mpikisano wa dziko lonse, umene unayambira komweko mu 1977. Aliyense amalandira ndowa ya mchenga momwe oyendetsa mpikisano abisamo timibulu ta golide, osamuuza kuti ndi tingati. Wachangu ndiye amapambana, koma ukataya kamodzi amakuwonjezera mphindi zachilango. Tangoganizani, abale: golide anapezeka kale, wina n'kumubisanso dala, bambo wamkulu ndi ndevu zake n'kumatuluka thukuta kumufunafuna, anthu akuwomba m'manja.

Kwathu kuno, amene amaswera atawerama mumtsinje wa Lisungwi kapena ku Makanjira amachita zomwezo, kungoti iwo akusaka ufa ndi fizi ya mwana. Akanadziwa kuti kunja anthu amalipira kuti awawitse msana chonchi, bwenzi atakhoma kale chikwangwani pamsewu. A zokopa alendo, mwamva?