M'mera mpoyamba, koma poyambapo ndi ku ofesi

Akuluakulu ponena kuti "m'mera mpoyamba" ankaganiza za chimanga ndi ana: ukalekerera pachiyambi, usadzalire pokolola. Sankadziwa kuti mwambi wawo udzagwera chamba, fodya wamkulu uja amene kwa zaka zambirimbiri ankadzilera yekha m'mapiri a ku Nkhotakota, wopanda feteleza, wopanda mlangizi, womuyendera wake ali wapolisi basi.

Phungu Boniface Kadzamira atabweretsa nkhaniyi m'Nyumba ya Malamulo mu 2015, anzake anafa nalo phwete. Pofika February 2020, nyumba yomweyo inavomereza ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale. Wobisala uja anasanduka bwana.

Mbande ya chamba ya masiku ano imabadwira m'nyumba. Njere amaifesa m'kachubu, m'dothi losefa bwinobwino, ndipo ikamera imabindikira m'chikuta ngati khanda: mphepo isaiombe, dzuwa lisaiwambe, alendo asaigwiregwire. Madzi ake ndi oyeza, chifukwa mukachita kukhuthula, tsinde limaola pakhosi, m'mawa mwake kambande kali gone. Tsono mbewu zambiri zochokera kunja zinazolowera masana aatali a kwawo. Kuno dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko chaka chonse, ndiye izo zikaona usiku wautali zimayesa nyengo yatha, n'kuyamba maluwa zisanafike n'komwe m'bondo. Mankhwala ake? Kuziyatsira magetsi usiku. Mwana wa Sitandade 8 akuwerengera tochi ya pafoni, mbande ili phee pansi pa babu.

Kutuluka panja nakonso kuli ndi mwambo. Lero ikaothere kadzuwa kam'mawa, ibwerere. Mawa ichedweko pang'ono. Madzi azichepa, mpaka masamba akhwime. Mukaitulutsa kamodzin'kamodzi pa dzuwa la October la ku Mwanza kuno, pofika masana mwapanga mfutso. Mlimi wa manachesi wa kwa Kanduku akamva zimenezi amangoseka, poti nazale anaiyamba kale, ndipo ndimu wolumikizapo nachesi sanapemphepo babu.

Koma mwambiwu wasokonekera apa. Makolo ankati poyamba ndi m'dothi; mbewu iyi poyamba pake ndi ku Lilongwe, ku Cannabis Regulatory Authority. Mitengo imene inalengezedwa mu 2020 inali madola 10,000 pa chiphaso cholimira chamba cha mankhwala, ndi madola 2,000 pa cha m'mafakitale, chija chosaledzeretsa. Werengani nokha madengu a manachesi amene mayi wa pamsewu wa M6 akanayenera kugulitsa kudzera pawindo la basi kuti apeze pepala lokhalo, njere asanaione. Ine ndimati lamuloli linatsegula chitseko, koma chogwirira anachikhoma pamwamba zedi, pofika aatali okhaokha. Mwina n'chifukwa chake mu 2021 unduna wa zamalimidwe unakapempha Mike Tyson kuti akhale kazembe wa chamba chathu: mikono yake ndi yofikira.

Ife a pamalire mphamvu ya pepala sitichita kuuzidwa. Timaona madalaivala a mathiraki akuphika nsima pansi pa galimoto, kudikira chidindo chimodzi kuti awolokere ku Zobue. Chamba chopanda pepala nacho chimafuna kuwoloka, ulendo wa ku Tete, Nyamapanda mpaka Joni, chitadzibisa m'matumba a katundu wina, ndipo china ulendo wake umathera pamoto wa apolisi.

Ovuta ndi aja anamva theka la nkhani pawailesi. Mawu akuti "avomereza" anawamva bwinobwino. Pamene muulutsi ankafika poti kusuta n'koletsedwabe, mabatire anali atatha. Anafesa kuchipinda, kuseri kwa katani, n'kumathirira ndi kapu ya tiyi, kulera mwachikondi monga mwambi unenera. Mbande inatulukadi panja pa nthawi yake, itakwera galimoto ya apolisi kukakhala umboni kukhoti. Woilera uja ndiye anamuwokera m'kati.