Wamva M'mimba Ndiye Atsekula Chitseko

Makolo athu, amene analibe mabuku a kuchipatala kapena lamya za m'manja, koma anali ndi mimba monga ife tomwe, anatisiyira mwambi wakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndipo pakutero anali kulingalira za usiku wa mdima wa ndiweyani, anthu atagona mothithikana pa mphasa, fisi akulira kuseri kwa khola, mwini mimbayo nadzuka yekha, nafufuza mpiringidzo, natuluka wosayembekeza kuti wina amperekeze. Mwambiwo ngwoona kufikira lero lino, ndipo ine sindidzautsutsa. Chimene akuluakulu aja sanachione, pakuti m'masiku awo kunja kunali fisi yekha, nchakuti idzafika nyengo imene wodwala, akangochotsa mpiringidzo, adzapeza khamu litaima kale pakhonde, yense ndi botolo m'dzanja lake, ndi kuti asanaponde nkomwe pabwalo, alendowo adzakhala atalowa, atagawana mipando, nayamba kumuwerengera ndalama za m'thumba mwake.

Sindikunena za malungo, amene dontho limodzi la magazi liwaulula ndipo LA awapirikitsa m'masiku atatu. Sindikunenanso za mwendo wothyoka, umene ngakhale mwana auona. Ndikunena za nthenda zija zopanda dzina zimene zimanga msasa m'thupi la munthu: msana wosalola kuwerama, nyamakazi yoyendayenda, litsipa, mapazi otentha usiku, ndi chinthu china chimene odwala angochitcha chinthu, chimene dzulo chinali pa phewa, lero chatsikira m'chiuno. Akatswiri amati ululu ukapitirira miyezi itatu wasanduka wa mgonagona, ndipo bungwe la WHO likuti m'chaka cha 2020 anthu okwana 619 miliyoni pa dziko lapansi anali kubuula ndi msana. Aliyense woyenda pa msewu wochokera pa boma la Mangochi kupita ku Monkey Bay, naona amuna akukoka makoka chambuyo pa mchenga, amayi atasenza mabeseni a usipa ndi mitolo ya nkhuni zochokera kuphiri, anyamata a kabaza akupalasa ndi matumba a makala, sadzakayika kuti pa chiwerengero chimenecho ife a gombe la Makokola tinasonkha mowolowa manja.

Atsibweni anga, amene anapalasa bwato kuyambira ali mnyamata kufikira imvi, ndiwo anandiphunzitsa kayendedwe ka ulendo umenewu. Poyamba anachita chimene munthu wanzeru achita: analawirira ku chipatala, nakhala pa benchi kufikira dzuwa litafika pamutu, nabayidwa chala, namangidwa mkono, ndipo pomaliza dokotala wachinyamata, woti akhoza kukhala mdzukulu wawo, anati, “Agogo, malungo mulibe, shuga ali bwino, magazi sakuthamanga. Sitinapeze kanthu.” Anawalembera panado ndi brufen. Tsono palibe uthenga wokwiyitsa munthu womva ululu woposa uthenga wabwino. Dokotalayo sindimuimba mlandu, pakuti kuseri kwa chitseko chake kunali amayi obereka ana okomoka, ndipo mawu akewo anangotanthauza kuti sanapeze chowapha sabata imeneyo. Koma m'makutu mwa atsibweni anamveka ngati akuwatcha abodza, iwo amene anali asanagonepo chagada chiyambire dzinja.

Mbiri itamveka kuti chipatala chalephera, mudzi wonse unasanduka madokotala. Alamu awo anabwera ndi masamba a nimu, owawa kotero kuti munthu aiwala msana kwa ola lathunthu. Mayi woyandikana nawo analumbira pa ufa wa chamwamba, wothira m'phala, m'ndiwo ndi mu tiyi momwe. Mphwanga wina, mmodzi mwa ana ambirimbiri a Mangochi amene akusoka ndi kugulitsa m'masitolo ku Joni, anatumiza pa basi lamba wa maginito pamodzi ndi mafuta onunkhira bulugamu. Sing'anga anaombeza, napeza kuti atsibweni anaponda mankhwala amene wina wansanje ndi ukonde wawo anatchera pa njira ya kudooko. Anawatema mphini m'chiuno monse, nawalumika ndi nyanga, nalandira tambala. Ashehe anawalembera chithumwa. Mneneri wa pa chisakasa china anawagulitsa madzi odzozedwa, amene kukoma kwake kunafanana modabwitsa ndi madzi a pa mjigo wa m'mudzimo. Nditawakumbutsa mwaulemu kuti mapanga awiri avumbwitsa, anandiyang'ana mwachifundo nati, “Mwana wa mlongo wanga, amene ananena zimenezo mvula yake inali ya tsiku limodzi.” Ndinakhala chete. Mayi uja wa mu Uthenga Wabwino wa Marko, amene anadwala zaka 12 namwaza chuma chake chonse kwa asing'anga ambiri osapezako bwino, akadabadwira kuno akadapeza achibale nyumba iliyonse.

Koma woposa onse anali mnyamata wa tayi, amene anachita lendi kachipinda pa msika, naika kompyuta pa tebulo, ndi kachitsulo kolumikizidwa ndi nthambo. Munthu agwira kachitsuloko m'manja, ndipo mphindi isanathe makinawo aona chiwindi, impso, mafupa, ndulu ndi ubongo, zinthu zimene ku chipatala chachikulu cha Zomba kapena ku Queens afunikira X-ray, sikani ndi mabotolo angapo a magazi kuti azione mwa apo ndi apo. Palibe makina pansi pa thambo okhoza kuona chiwindi kudzera m'chikhatho. Komabe atsibweni anatulukamo ndi chipepala chachitali cha mizere yofiira ndi yachikasu, nkhope yawo ikuwala monga sindinaionere chaka chonsecho. Chiwindi chinali chotopa, magazi anali akuda, mafupa anali ndi njala, ndipo mwa chisomo chosaneneka mankhwala a zonsezi anali m'chikwama cha mnyamata yemweyo. Munthu amene anakwiya atauzidwa kuti alibe nthenda anabwerera kwawo akuimba nyimbo chifukwa anampezera zisanu ndi ziwiri.

Pamenepo ndipo ndinazindikira malonda enieni a khamu lija la pakhonde. Makapisozi ndi mizu nzongoperekezera. Chimene agulitsa ndi dzina la nthenda, ndi khutu lomvetsera. Mnyamata wa tayi anawatcha “bambo anga”, nawafunsa za tulo tawo, za chimbudzi, za mayi a kunyumba, nagwedeza mutu pa yankho lililonse. Sing'anga anakhala nawo madzulo onse, nawapatsa ngakhale mdani woti azimuganizira pogona. Ululu wopanda dzina umuchititsa munthu manyazi pamaso pa akazi ake ndi pa anzake a pa dooko, amene ayamba kunong'ona kuti mkuluyu wangotopa ndi nkhafi. Koma ululu wokhala ndi chipepala cha mizere yofiira ulemekezeka, ndipo auyalira mkeka pa mthunzi.

Tisanamizire makono, pakuti ludzu limeneli ndi lakale. M'zaka za m'ma 1930 anyamata a mchape anachokera ku Mulanje ndi mabotolo a madzi ofiira ndi timagalasi toonera mfiti, nafika mpaka ku Northern Rhodesia. Mu 1994 Billy Goodson Chisupe wa m'mudzi wa Chikamana ku Machinga, pafupi ndi Liwonde, analota mtengo wochiza Edzi, ndipo mu 1995 anthu, amene ena amati anafika 300,000, anakhamukira kumeneko pa malole, mabasi ndi magalimoto a maofesi. Iye, timuchitire chilungamo, sanali kulipiritsa. Mu 2011 mzere wa magalimoto unatalika makilomita ambiri ku Loliondo m'dziko la Tanzania, kumene mbusa wopuma Ambilikile Mwasapile anali kumwetsa kapu imodzi pa mashilingi 500. Ngakhale azungu asatiseke: David Livingstone, amene anafika ku mathero a kumwera kwa nyanja ino mu 1859, anayenda ndi mibulu ya mankhwala yopanga yekha, mmene munali kwinini wochizadi malungo, komanso calomel, mankhwala a mercury otsekula m'mimba koopsa, kotero kuti pa ulendo wake mwambi wathu unali kukwaniritsidwa usiku uliwonse.

Nanga bwanji onsewa ali ndi mboni zolumbira kuti zinachira? Ululu wa mgonagona uli ngati mwera pa nyanja yathu: uwomba masiku angapo mabwato onse ali pamtunda, kenaka uleka wokha popanda woulamula, ndipo udzabweranso pa nthawi yake. Munthu afuna thandizo pa tsiku limene ululu wafika pachimake, ndipo kuchokera pachimake njira ili yotsika yokha. Chomwecho amene anagogoda pomaliza ndiye alandira tambala. Onjezanipo chija anachilemba dokotala wa ku Harvard, Henry Beecher, mu 1955, kuti pafupifupi mmodzi mwa odwala atatu amamva kupepukidwa atamwa mbulu wopanda mankhwala konse, malinga akhulupirire woupereka. Ochira abwerera kukathokoza nachitira umboni pa wailesi. Osachira apita kwa wina mwakachetechete, ndipo palibe sing'anga, mneneri kapena mnyamata wa tayi amene asunga kaundula wa anthu amene sanabwerenso.

Sindikunyoza mitengo, Mulungu andikhululukire. Kwinini anachokera ku khungwa la mtengo wa ku Peru, ndipo LA yemweyo, amene Malawi anayamba kumugwiritsa ntchito mu 2007, mphamvu yake inachokera ku chitsamba cha ku China chimene chinapatsa mayi Tu Youyou mphotho ya Nobel mu 2015. Kusiyana kwake nkwakuti mitengo imeneyo inayesedwa pa muyeso, ndipo osachira nawonso anawerengedwa. Mu 2023 WHO inatulutsa malangizo a msana wa mgonagona, ndipo m'menemo inavomereza kulimbitsa thupi, kusisita ndi kufotokozera wodwala bwinobwino za vuto lake, koma inakana malamba omanga m'chiuno. Potero agogo athu aakazi, amene ankathowa ndi kukanda misana ya amuna awo madzulo, anapambana mlandu ku Geneva, kwawo kwa WHO, pamene lamba wa ku Joni anagonja.

Ndipo pano pa Makokola pali chodabwitsa chimene ndimachiona ndi maso. Alendo atera ndi ndege pa kabwalo ka pafupi ndi hotela, ena atasewera gofu pakati pa milambe, nalowa m'zipinda zonunkhira za m'mahotela a gombe lino, kumene alipira ndalama zokwana kugula ukonde kuti mtsikana wa kwathu konkuno awakande msana ndi mafuta. Ndipo pobwerera kwawo agula m'masitolo a ku London ufa wa malambe, umene Ulaya anauvomereza kukhala chakudya mu 2008, ufa womwewo umene ana athu amabwira popita kusukulu, mkamwa muli mbuu. Iwo athawa makapisozi a kwawo kudzafuna manja ndi mitengo ya kwathu. Ife tigulitsa mbuzi kuti tigule makapisozi a kwawo. Magulu awiriwa amapambana pa msewu wa tala tsiku ndi tsiku, lina m'galimoto, lina pa kabaza, ndipo lililonse limvera linzake chisoni.

Pali chinthu chimodzi chokha chimene sindichiseka. Nyanja imene itidyetsa isunganso nkhono za likodzo, ndipo mu 2017 ofufuza anapeza m'magombe a Mangochi mtundu wina wa nkhono wofalitsa likodzo la m'matumbo, umene kale sunali kudziwika m'nyanjayi. Msodzi wopweteka m'chinena, wotopa kosatha, woona magazi mu mkodzo kapena mu umuna, akhoza kuzungulira asing'anga chaka chathunthu pofuna amene anamtchera, pamene mdani wake ndi kanyongolotsi kogonja ndi mibulu ya praziquantel. Msana wodza ndi kuonda, thukuta la usiku kapena dzanzi m'miyendo ukhoza kukhala TB ya mafupa kapena khansa, ndipo umenewo suyembekeza kuti nimu athe m'poto. Lumo limodzi lotemera mphini anthu asanu ligawa zambiri kuposa mankhwala; ndipo indocid ndi brufen wogula pa golosale, akamwedwa mwezi ndi mwezi, aboola chifu naononga impso. Wobwerera ku chipatala kachiwiri, nanena molimba kuti “ndiyezeni mkodzo”, sanachimwire aliyense.

Atsibweni anapezako bwino mwezi wa Okutobala, kutatentha, pamene anayambanso kuyenda m'mawa uliwonse kupita ku dooko kukalangiza anyamata za kasokedwe ka maukonde, ntchito imene palibe anawapempha. Alamu awo akuti ndi nimu. Mphwanga wa ku Joni akuti ndi lamba, ngakhale lambayo akumangira chitseko cha khola la mbuzi. Sing'anga watumiza uthenga kuti mdani uja wafooka koma sanafe, ndipo pafunika tambala wina. Eni akewo sakutsutsa aliyense, pakuti mnyamata wa tayi wawauza kuti munthu wa umboni ngati wawo sayenera kukhala wogula chabe: akangopeza anzawo atatu a misana, ndipo atatuwo napeza atatuatatu awo, adzayamba kulandira zawo mwezi ndi mwezi, mwinanso nkupatsidwa makina awoawo. Sabata yatha anandigwira dzanja nthawi yaitali pondipatsa moni, nandiyang'anitsitsa m'maso, nati, “Iwe mwana wa mlongo wanga, chiwindi chako unayezetsa liti?”