Ine ndi pepala la ulonda wa pa intaneti

Kuno kwathu munthu wopanda pepala amatengedwa ngati sadziwa kanthu, ngakhale atamasula injini ya minibasi n'kuibwezera ali chitsinzinire. Lowani pabalaza pa mnzanu aliyense wodzitcha wophunzira, mupeza khoma ladzaza: satifiketi ya MSCE, ya semina ya ku Mangochi, ina ya ubatizo. Pakhoma panga pali kalendala ya ogulitsa mbewu basi. Chonsecho ndimapanga mawebusaiti. Ndinaphunzira pa YouTube pakati pa usiku, nthawi imene bandulo imatchipa, ndipo ndapangira tchalitchi, sukulu ya mkaka, ndi gulu lina la banki m'khonde lomwe linakula mpaka kufuna kuti mamembala aziona ngongole zawo pa foni.

Njala ya pepala inandigwira mwana wa mlongo wanga atabwera kudzachita holide. Ndinamuonetsa webusaiti ya banki m'khonde ija ndikudziguguda pachifuwa. Iye anakoka laputopu, pamalo olembapo dzina n'kulemba tizizindikiro iti: ' OR 1=1 --. Sanafunse pasiwedi. Kungodina kamodzi, mwanayo anali m'kati ngati msungichuma.

"Amalume, iyi ndi SQL injection. Imadziwika kuyambira 1998."

Chaka chimenecho iye anali asanabadwe, ine ndili kale ndi ndevu. Anandifotokozera mwaulemu wopweteka kuti zimene munthu walemba ndinkaziphatikiza ndi funso lopita ku database, mosasefa. Zili ngati kuuza mlonda kuti atsegulire munthu amene dzina lake lili m'kaundula, mlendo n'kuwonjezera yekha kuti "kapena ngati chimodzi n'chofanana ndi chimodzi". Mlonda amawerenga, naona kuti n'zoona, natsegula geti. Mankhwala ake ndi osavuta: lamulo lipite palokha, mawu a mlendo apite paokha. Amati parameterised queries.

Chimene chinanditonthoza n'chakuti sindili ndekha. Mu 2015 kampani ya mafoni ndi intaneti ya ku Britain, TalkTalk, inaloweredwa pakhomo lomwelo, zinsinsi za makasitomala pafupifupi 157,000 n'kutuluka, ndipo inalipitsidwa mapaundi 400,000. Ena mwa ogwidwa anali achinyamata osafika zaka 20. Ku America mu 2017 a kampani ya Equifax anachedwa kuika chigamba pa pulogalamu ya Apache Struts, chigamba choti chinatuluka kale mwezi wa Marichi, ndipo mbala zinatenga nkhani za anthu pafupifupi 147 miliyoni. Awo anali ndi mainjiniya ovala matayi. Ine ndili ndi laputopu yosagwira batire.

Ndiye ndinati basi, ndikatenge pepala, mwana uja adziwe malume ake. Mapepala ake alipo. Lina ndi CSSLP, lomwe bungwe la ISC2 linaliyambitsa mu 2008. Limafuna munthu woti wagwira ntchitoyi zaka 4, ndipo ndinakhala pansi kuwerenga ngati nthawi yodikira magetsi ilowa nawo m'zakazo. Lina ndi GWEB, la GIAC, la oteteza mawebusaiti. Limeneli linandikopa mtima nditamva kuti m'mayeso amalola kulowa ndi mabuku osindikiza. Likasa lololedwa! Ine amene ndinakula ndikuona anzanga akulemba mayankho pa ntchafu ndinati apa ndiye pofera. Mwana uja anandiziziritsa: mafunso ndi ochuluka, nthawi ndi yochepa, wosawerenga amatha mayeso akadasanthula tsamba.

Kenako mtengo. Mayeso a CSSLP okha ndi madola mazanamazana, ndipo dola masiku ano mukudziwa mmene ikusowera. Ndinafotokozera amayi a kunyumba tikudya nsima, poti nkhani ya ndalama imalowa bwino munthu ali ndi mbamu m'manja.

"Pepala limenelo mukalitenga ndiye basi mpaka imfa?"

Ndinayankha motsitsa mawu kuti la CSSLP limafuna kukonzanso pakatha zaka 3, la GIAC zaka 4, ndipo uyenera kuonetsa kuti ukuphunzirabe, n'kulipiranso.

"Bambo, MSCE yanga ndinalemba kalekale, mpaka lero sinathe mphamvu. Inu mukufuna kugulitsa mbuzi zanga chifukwa cha pepala lovunda?"

Ndinayesa kunena kuti akuba a pa intaneti amasintha nzeru chaka ndi chaka, n'chifukwa chake mlonda naye ayenera kubwerera m'kalasi. Mfundo yomveka ndithu, ndipo ndimaikhulupirira. Koma mbuzi zinakhala m'khola.

Poti zaulere sizifuna dola, ndinayamba ndi mndandanda wa OWASP Top 10, wa zibowo khumi zoopsa kwambiri m'mawebusaiti, umene unayamba kutuluka mu 2003. Pa wa 2021, injection ija ili pa nambala 3. Pamwamba pali broken access control, kutanthauza kuti munthu walowa bwinobwino ndi kiyi wake koma akutha kuona za anzake. Ndinati ndiyese panga. Pa adiresi ya tsamba langa la ngongole panali nambala kumapeto. Ndinaisintha, ndipo panatuluka ngongole ya abusa. Ndinasinthanso, panatuluka ya apongozi anga, amene amandiuza mwezi uliwonse kuti iwo sakongola kwa munthu.

Usiku umenewo sindinagone, ndinatseka chibowocho. Kutacha ndinali wonyada kuposa munthu wa satifiketi, mpaka foni inalira. Anali amayi apampando a gulu la banki m'khonde lija.

"Achimwene, mwaononga chiyani? Kuyambira m'mawa aliyense akungoona ngongole yake yokha."

Ndinati ndi mmene ziyenera kukhalira, ndipo Malawi ali ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, la 2024. Anakhala chete pang'ono, kenako anandiuza kuti gulu lonse linkadziwa za kusintha nambala kuyambira chaka chatha, ndipo n'chifukwa chake anthu ankabweza ngongole msanga, poopa manyazi. Andipatsa mpaka Loweruka kuti ndibwezere mmene zinalili, apo ayi apeza mnyamata wina wodziwa ntchito.