Chikomekome chogula ndi ndalama

Makolo ponena kuti chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, sankadziwa kuti kudzabwera makina osindikizira zithunzi amene adzautembenuza mwambiwu. Masiku ano kuli mkuyu wabwinobwino mkati, nyerere zili kunja.

Zaoneka posachedwapa pa chithunzi cha ukwati chosindikizidwa ndi inki ya pigment papepala lonyezimira. Kuchiyang'ana mwachindunji, palibe chodandaulitsa. Koma apongozi atachipendeketsa pawindo, suti yakuda ya mkwati inasanduka yamkuwa, diresi la mkwatibwi n'kumawala mwa lokha, moti wina akadalumbira kuti awiriwa anajambulidwa masiku osiyana.

Wojambula sanalakwe, vuto ndi inki. Inki ya dye imalowerera m'pepala, koma sichedwa kusuluka. Ya pigment ndi timibulu tosaoneka ndi maso timene timatsalira pamwamba, ndipo imapirira zaka zambiri. Tsono pasuti timibuluto timaunjikana, pamene padiresi loyera makina sathirapo kanthu: kuyera konseko ndi pepala lenilenilo. Kuwala kukagwera malo awiri osiyana chonchi, banja limaoneka losagwirizana lisanayambe n'komwe kukangana.

Mankhwala ake ndi oseketsa. Mu 2004 Epson inali kugulitsa Stylus Photo R800, makina a makatiriji 8, ndipo imodzi mwa iwo inali ya Gloss Optimizer. Inki imeneyi ilibe mtundu uliwonse. Ntchito yake n'kukuta malo osalingana aja kuti chithunzi chonse chiziwala mofanana. HP inaika yake, Gloss Enhancer, mu Designjet Z3100, ndipo Canon inabweretsa Chroma Optimizer mu PIXMA PRO-1 mu 2011.

Ndiye taganizani bambo wamkulu, wa ana ndi lendi, akuitanitsa kunja inki yopanda mtundu. Yafika, waiika m'makina, wasindikiza. Akamufunsa kuti yathiridwa pati, iye amaloza pamene sipakuoneka kanthu, monyadira. Makina a Canon amamufunsanso ngati akufuna Auto, kuti athire pofunika pokha, kapena Overall, kuti apake ponseponse, katiriji n'kumatha msanga. Ikatha amadandaula, ngakhale sanaionepo ikugwira ntchito. Woitsegula katirijiyo pofuna nyerere angabwerere manja lende. Mulibe ngakhale kadontho kakuda.

Komabe kumuseka munthuyu n'kumulakwira. Chikomekome chimene makolo ankadana nacho chinali chobisa zowola. Ichi n'choonekera mkati, sichingabise diso lofiira kapena mutu wodulidwa pojambula. Chimangothandiza inki yolimba kuti isanyozedwe chifukwa cha maonekedwe, ndipo chithunzi cha ukwati chimafunika inki yolimbayo, poti adzachione ndi adzukulu.

Wosindikiza ndi pigment papepala lonyezimira asaumire, athire ndithu inki yopanda mtunduyo. Amene m'thumba mwauma agule pepala losanyezimira lija amati matte. Pamenepo Gloss Optimizer safunika n'komwe.