Ulemu kwa a Sabufa, eni kona

Boma la Mchinji limatchuka ndi mtedza, soya ndi chipata cha ku Mwami, koma pali akuluakulu ena amene olemba mbiri amawadumpha dala. Ndi aafupi, akuda bii, amimba yaikulu, ndipo amakonda kukhala pansi pakona, osayang'ana munthu kumaso. Amenewa ndi a Sabufa. Tiyeni lero tiwapatse ulemu wawo, poti tulo tathu anatenga kale.

Poyamba dziwani kuti si munthu wotoledwa panjira. Ali ndi makolo. M'chaka cha 1974 ku America kunatuluka kanema wa chivomezi wotchedwa Earthquake. Pofuna kuti oonera achimve chivomezicho m'mafupa, eni kanema anaika m'nyumba zoonetseramo zimasipika zikuluzikulu za kampani ya Cerwin-Vega. Ku Grauman's Chinese Theatre ku Hollywood pulasitala wa kudenga anayamba kugumuka, mpaka anachita kutchera ukonde kuti zibuma zisagwere anthu. Mtundu wake ndi umenewo. Tsono malata anu a pa Kamwendo akamanjenjemera pakati pa usiku musatukwane: mdzukulu akupitiriza ntchito ya agogo ake. Akale anati mutu umodzi susenza denga, koma n'chifukwa choti anamwalira asanaone bokosi limodzi likuvinitsa denga lonse, misomali n'kumatuluka yokha.

Chifundo chawo chimaonekera bwino mu situdiyo. Mnyamata wojambula nyimbo pa boma amayamba ndi timasipika ta kompyuta, tija tolira ngati udzudzu. Soya akayenda bwino, kapena mchimwene wa ku Joni akamukumbukira, amagula ma monitor enieni, kaya a Yamaha a mimba yoyera, kaya a KRK a mimba yachikasu. Tsoka lake ma monitor alibe chisoni. Anawapanga kuti azinena chilungamo, osawonjezera, osachotsera. Woimba akaphonya kiyi, amaulula. Tambala wa kuseri akalira kolasi ili mkati, amamutulutsa poyera. Ndani angapirire mboni zotere m'nyumba mwake tsiku ndi tsiku?

Apa ndi pamene a Sabufa amalowererapo. Waya wochokera ku kompyuta umayamba wafika kwa iwo, kenaka n'kupitirira ku ma monitor. Iwo amasenza mawu onse olemera a pansi, opepuka n'kusiyira anawo. Akatswiri amalangiza kuti malire a magawo awiriwa aikidwe cha pa 80 Hz, ndipo mphamvu ikwezedwe pang'onopang'ono mpaka besi ingomveka, osalamulira. Koma ife kuno tinaleredwa, sitipatsa munthu wamkulu chakudya choyeza. Batani lililonse timalipotokola mpaka pothera. Zikatero zophonya zonse zimamira m'besi, woimba n'kutuluka akupukusa mutu kuti chaka chino Driemo asamale. Nyimboyo ikafika pa foni ya mnyamata wa kabaza n'kumamveka yowonda, popeza wojambula anamva besi yambiri m'chipinda mwake n'kuichepetsa m'nyimbo, limenelo ndi vuto la foni.

Pa nkhani ya ubale wa maiko, a Sabufa anatsogola kalekale. Mu Disembala 2022 apulezidenti Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema anatsegulira chipata chophatikiza cha Mchinji ndi Mwami kuti apaulendo azidinditsa pamalo amodzi. A Sabufa ngakhale pamalo amodziwo saima. Mchezo wa ukwati ukayaka tsidya lino, a tsidya lina amagwedeza phazi ali pamphasa, ndipo woimba Yo Maps amalowa m'Malawi usiku uliwonse popanda chidindo. Chinsinsi chake n'chakuti mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, choncho funde limodzi la besi ya 40 Hz limatalika kupitirira mamita 8. Khoma la njerwa limagwira mawu a woimba ndi kulira kwa gitala, koma chimfunde chotere chimangoligwedeza n'kudutsa. N'chifukwa chake woyandikana nanu samva kuti nyimbo ikuti chiyani, amangolandira du! du! du! Uku ndi kuganizira anthu: nyimbo za masiku ano zina n'zolaula, ndiye a Sabufa amayamba asefa mawuwo asanapereke kwa ana a eni ake. Kuwonjezera apo, khutu la munthu limavutika kuloza kumene besi ikuchokera. A mfumu akadzuka ndi tochi kusaka wosokosa, amazungulira mudzi wonse, mwini wake ali phee, naye akufunsa nawo kuti kodi zikuchokera kuti.

Nanga kuolowa manja! Wailesi ya Mudziwathu imafuna kuti uitsegule; a Sabufa sadikira kuitanidwa. Wagula ndi mmodzi, koma akumva ndi mudzi wonse: wodwala malungo, wolemba mayeso mawa, mayi amene wangogoneka khanda, ngakhale mbuzi m'khola. Pa Mkanda, pa Kapiri, pa Waliranji, ometa tsitsi, oika nyimbo m'mamemole ndi ogulitsa mowa amayandikana, aliyense ndi bokosi lake, kotero woyenda pamsika amamva pamodzi kwaya, amapiano ndi kalindula osalipira ngakhale tambala. Magetsi akazima ena onse amagonja, firiji n'kuyamba kulira misozi, koma iwo amangosamukira ku batire ya sola. Banja likhoza kudya mumdima, ana n'kuwerengera tochi ya foni, bola akuluwa asasowe mphamvu.

Pa chuma nawonso ndi aphunzitsi. Amafika m'nyumba mu Meyi kapena Juni, ndalama ya soya ndi mtedza ikadali yotentha, atakwera njinga patsogolo pa feteleza amene adzaganiziridwa mvula ikagunda. Januwale akalowa, nkhokwe ili pululu, amadzipereka okha kupita kupinyolo, kapena kugulitsidwa pa theka la mtengo kuti ana apeze thumba la chimanga. Ndi mbale uti amene angavomere kugulitsidwa chifukwa cha njala yanu, n'kudzabweranso chaka chamawa osasunga mangawa?

Ansanje salephera. Azaumoyo amati phokoso lopitirira madesibo 85 kwa maola 8 pa tsiku limawononga makutu pang'onopang'ono, ndipo akawonongeka sabwerera. Ife tikuona phindu pamenepo. Khutu logontha silimva miseche, silimva wobwera kudzatenga ngongole, silimva malonjezo a kampeni. Ena amati mabanja akulephera kukambirana chifukwa cha phokoso. Koma mikangano yambiri imayamba ndi kukambirana komweko, ndipo ankhoswe nawo ayenera kupumako.

Choncho ndikupempha mafumu ndi akuluakulu a khonsolo kuti a Sabufa apatsidwe mpando pa misonkhano ya chitukuko, pakuti palibe wina m'boma lino amene mawu ake amafika khomo lililonse. Amene akutsutsa pempholi aimirire anene maganizo ake, koma akweze mawu, chifukwa kuno sitikumva.