Za kudimba ndifunseni ine, koma musandione m'manja

Mwezi wa Meyi ndi wankhanza kwa anthu ngati ine. Mvula yatha, chimanga chalowa m'nyumba, munthu ukuti msana uwongokeko, ndiye pamene dimba limayamba kuitana.

Musandione chonchi, ntchito za kumapeto kwa masika ndimazidziwa zonse, ndipo nditha kukuyalirani nditakhala pampando. Nazale ya mpiru, repu ndi kabichi ifesedwe panopa, poti mbewu zimenezi zimakonda kuzizira kwa Juni ndi Julaye. Bedi liphimbidwe ndi udzu kuti chinyontho chisathawe. Pakatha milungu inayi kapena isanu, mbande ziwokeredwe madzulo dzuwa litapepa. Zimenezi ndidazifotokoza pamaliro ena mpaka mkulu wina adandifunsa ngati ndili mlangizi. Mayi akunyumba, amene ankadutsa ndi mbale za nsima, adangotsokomola.

Pa manyowa ndiye pamene nzeru zanga zimaonekera. Alangizi amati mapesi tisawatenthe, ngakhale ana osaka mbewa samva nawo zimenezo. Akuti tiwasanjikize ndi ndowe, masamba aawisi ndi phulusa, tithire madzi, muluwo tiumate ndi dothi. Amenewo ndi manyowa a chimato, ndipo amafuna munthu wokonda matope. Ine ndidasankha a Mbeya, aja osakaniza madeya, phulusa, ndowe ndi feteleza pang'ono n'kumanga m'thumba masiku 21. Chidandikopa ndi masiku 21 amenewo. Pa ntchito zonse za kudimba, yokhayi ndi imene munthu amaigwira pongodikira. Nditapita kukatapa madeya ndidapeza mayi aima pakhomo.

"Madeyawo ndi a nkhuku, bambo. Nkhukuzo zimaikirako mazira."

Mawu otsalawo sadawanene, koma ndidawamva.

Ndiye pali mpanda. Anthu a m'tauni sadziwa kuti kukolola kukatha, eni mbuzi amazimasula. Mbuzi imene yakhala pachingwe kuyambira Disembala imatuluka ili ndi mangawa ndi dziko lonse. Anzanga amamanga mpanda wa bango kapena wa udzu, ena amaika minga. Ine ndidati bango lili kutali kudambo, mapesi ali pompano, ndipo mpanda wanga udatha tsiku limodzi anzanga akadali kumweta. Mbuzi nazo zidaumaliza tsiku limodzi. Zidadya mpandawo ngati nsima, nazale n'kukhala ndiwo. Mwini mbuzi nditamufikira adandifunsa modekha kuti, "Achimwene, munthu amamanga nyumba ndi chakudya?" Mlanduwo ndidaukhululuka, poti ndine munthu wopemphera.

Chitsime ndidalonjeza kuchifukula pa 14 Meyi, tsiku la Kamuzu, ana ali pa tchuthi kuti aone bambo awo akugwira ntchito. Ndidafika ndithu pachitsimepo, buluku nditapinda. Mphepo ya mwera idali ikuwomba. Ndidaviika chala chimodzi chakuphazi m'madzimo, n'kukumbukira kuti boma silidaike tchuthi kuti anthu azichinyoza.

Nthawi yonseyi mayi sadafotokozepo kanthu kwa wina aliyense. Adathyola nkhwani ndi chitambe zisanaume m'munda, adafutsa, adayanika pamphasa, adamanga zikwatu n'kupachika kukhitchini. Kuseri kwa bafa kwamera kale mabedi a mpiru amene ine sindidavomereze, opanda chingwe, opanda muyezo, obiriwira mochititsa manyazi. Ikadzafika Okotobala ndiwo zitasowa, tidzadya mfutso wotendera, ndipo alendo ndidzawauza kuti pakhomo pano timakonzekera.

Koma anthu a pamaliro aja akudikirabe kuona kabichi wanga. Choncho inu amene mudutse pa Lizulu mwezi wa Ogasiti, mundigulireko mitu ingapo. Mubwere nayo usiku, mulowere kuseri, ndipo masamba akunjawo musasadze.